CIPEMBERE WA KU SHIWA NG'ANDU NDI NYUMBA YAO YA NJERWA

Munthu amene ayenda pa mseu waukulu wa Great North Road kucokera ku Mpika kulinga ku Chinsali, akapatukira kumanzere ndi kutsata mseu wafumbi wolowa m'thengo, amafika pamalo pamene amayamba kukayikira maso ake. Coyamba amaona timanyumba ta njerwa tofolera ndi matailosi, kenaka cipata cokhala ndi nsanja ya koloko, kenaka mizere ya mitengo italiitali yocita kubzala, ndipo kumapeto kwake cinyumba cofiira cosanjikizana, ca zipinda pafupifupi 40, cokhala ndi nsanja yake, chalichi cake ndi cipinda cake ca mabuku. Malo amenewa ndi Shiwa Ng'andu, m'cigawo ca Muchinga. Eni ake oyamba anali Sir Stewart Gore-Browne, Mngerezi amene Abemba anawacha Chipembele, ndiye kuti cipembere m'cinenero cathu.

Nyumba imeneyi yajambulidwa kambirimbiri. Ziripo zithunzi za masiku a ulemerero wake, pamene bwalo linali losesedwa bwino ndipo alendo ocokera ku Lusaka ndi kutsidya kwa nyanja anali kutsikira pakhomo pake. Ziriponso zina za m'zaka za m'ma 1990, pamene eni ake anali atafa: denga likudontha, zipupa zitada ndi cinyezi, munda wa maluwa utabwerera kuthengo. Zithunzi za mtundu waciwiriwu ndizo zinautsa anthu ambiri kufunsa kuti kodi anamanga cinthu cotere pakati pa chire anali yani, nanga anali kufunanji. Lero, awerengi athu, tikufotokozerani mbiri ya munthuyo, zokoma ndi zowawa zomwe.

MWANA WA OLEMERA

A Stewart Gore-Browne anabadwa pa 3 May 1883 mu mzinda wa London, m'banja la anthu acuma ndi odziwika. Atate ao, Sir Francis, anali loya wochuka pa milandu ya makampani, ndipo agogo ao aamuna, Sir Thomas Gore Browne, anakhalapo Bwanamkubwa wa dziko la New Zealand. Anaphunzira pa sukulu ya Harrow, kumene akuluakulu a ku Mangalande anali kutumiza ana ao, ndipo atacoka kumeneko analowa sukulu ya asilikali ku Woolwich nakhala ofisala wa gulu la mizinga. Nchito ya usilikali inawafikitsa ku South Africa pa nthawi imene nkhondo ya Mabunu inali kutha. Uko ndiko anayamba kuponda nthaka ya Africa.

Munthu amene anaumba moyo wao kopambana onse anali atate ao aakazi, ndiye kuti mlongo wa atate ao, Mai Ethel Locke King. Maiwa pamodzi ndi amuna ao, a Hugh Locke King, ndiwo anamanga bwalo la mpikisano wa magalimoto la Brooklands ku Surrey m'caka ca 1907, bwalo loyamba la mtundu umenewo pa dziko lonse lapansi, ndipo mnyamata Stewart nayenso anathamangitsapo galimoto pamenepo. Awiriwa analemberana makalata kosalekeza kwa zaka zoposa 50. Kumbukirani dzina la maiwa, pakuti njerwa zambiri za ku Shiwa Ng'andu zinaima pa thumba lao.

M'caka ca 1911 a Gore-Browne anasankhidwa kukhala m'gulu la Angerezi ndi Mabelijiyamu lopima malire pakati pa Northern Rhodesia ndi Congo. Caka comweco ndico cimene maiko awiri a North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia anaphatikizidwa kukhala limodzi, ndipo Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inaleka kukhala likulu la dziko. Kwa zaka zitatu anayenda m'nkhalango za kufupi ndi Ndola, kukwera zitunda, kupima ndi kuimika zizindikiro za malire. Alamba, amene midzi yao inagwa ina uku ina uko, sanafunsidwe ndi munthu.

Nchito itatha m'caka ca 1914, iwo sanakwere sitima ya pamtunda kubwerera kwao monga anacitira anzao. Anatenga amtengatenga nayamba ulendo wapansi kulinga kumpoto cakum'mawa, akufunafuna malo omangapo mudzi wao. Ku Mangalande malipiro a ofisala sakanawalola kukhala monga mwini malo wamkulu. Kuno nthaka inali yochipa ndipo anchito anali ochipa koposa. Pa Lacisanu Loyera, pa 10 April 1914, anatulukira pa nyanja yaing'ono yozingidwa ndi mapiri. Abemba amaicha Ishiba Ng'andu, kutanthauza nyanja ya ng'ona, ndipo ng'ona imene ichulidwa apa ndi ya pfuko lacifumu la Bena Ng'andu, pfuko la Chitimukulu. Dr David Livingstone anadutsa dera lomweli mu January 1867, ndipo m'madzi a kumeneko ndimo munamira kagalu kao, Chitane.

A Gore-Browne anagula maekala 10,000 pa mtengo wa masheleni awiri pa ekala, ndiye kuti mapaundi 1,000 onse pamodzi. Wogulitsa anali British South Africa Company, kampani imene inali kulamulira dziko lino kufikira 1924. Inu a kum'mawa simudzadabwa kumva kuti kampani inagulitsa nthaka imene siinalimepo ngakhale mzere umodzi, pakuti makolo anu anaona zofanana pamene North Charterland Exploration Company inati dera lonse lozungulira Fort Jameson nlake, anthu nathamangitsidwira m'marizevu.

Asanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Anakamenya nkhondo ku France, analandira mendulo ya DSO, nakwezedwa kukhala Lieutenant-Colonel. Anabwerera ku Shiwa Ng'andu m'caka ca 1920.

NJERWA ILIYONSE INAUMBIDWA POMWEPO

Kuti mumvetse kukula kwa nchito imene inacitika kumeneko, ganizirani za mtunda. Njanji yapafupi inali pa mamailosi 400, ndipo panalibe mseu woti galimoto nkudutsa. Njanji ya TAZARA, imene lero ipita pa Mpika, inadzafika m'zaka za m'ma 1970, mwini nyumba atagona kale m'manda. Cotero ciriconse cosapangika pamalopo cinayenera kubwera pamitu ya anthu, kuoloka mitsinje ndi madambo masiku ambirimbiri: magalasi, zitsulo, mabuku, mbale zadothi za ku Ulaya, zithunzi za makolo a mwini nyumba. Zotsala zonse zinapangidwa pomwepo. Dothi linakumbidwa, linapondedwa ndi mapazi, linaumbidwa m'zikombole ndi kuochedwa m'mauvuni. Matailosi a padenga anaumbidwa cimodzimodzi. Mitengo inagwetsedwa ndi kucekedwa ndi masowo a pamanja, ndipo ng'ombe zinakoka ngolo za njerwa kukafika pa malo omangira. Amuna amene atate ao anamanga ndi mitengo, tsekera ndi matope anaphunzira kuimika cipupa ca nyumba yosanja, kukhotetsa njerwa pamwamba pa khomo, kupala matabwa ndi kusula zitsulo.

Mwini malo anayamba ndi miseu, maulalo, mosungira katundu ndi nyumba za anchito, iwo eni akukhala m'nyumba yaing'ono. Nyumba yaikulu inatha m'caka ca 1932, ngakhale kuti kuonjezera ndi kukonza kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1950. Mamangidwe ake ndi osakaniza: mkati ndi monga mwa nyumba za eni minda a ku Mangalande, pamene nsanja ndi makonde okhota zifanana ndi za ku Italy. Pang'onopang'ono pamalopo panadzakhala sukulu, sitolo, positi ofesi, bwalo la ndege, ndi cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1938.

Anthu mazanamazana analembedwa nchito. Tisaiwale cimene cinali kuwakoka. Boma la atsamunda linali kufuna msonkho wa ndalama, ndipo mwamuna wa kumpoto wosowa ndalama anayenera kusiya mkazi ndi ana ndi kuyenda wapansi kunka ku migodi ya ku Katanga, ku Southern Rhodesia, kapena ku Migodi yathu ino itatsegulidwa. Shiwa Ng'andu inali malo amodzi mwa owerengeka kumene munthu akanapeza ya msonkho ali pafupi ndi kwao, mwana wake nkulowa sukulu, mkazi wake nkucira ku cipatala. Ici ndi cifukwa cake mabanja ambiri anakhazikika pamenepo mibadwomibadwo.

Koma walira mvula walira matope. Dzina lija la Cipembere silinabwere cabe. Ena amati linadza cifukwa ca cipembere cimene anaombera pafupi ndi nyanjayo. Onse amabvomerezana kuti linakhazikika cifukwa ca mtima wao. Cipembere ndi nyama yosacedwa kupsa mtima, imene imathamangira cinthu isanacione bwino. A Gore-Browne anali otero. Wanchito wocedwa, wonama kapena woononga cipangizo anali kumenyedwa, nthawi zina ndi dzanja la bwana mwini. Anchito anali kufola m'mawa monga asilikali. Pa malo ao iwo anali mwini nthaka, woweruza, wolipira ndi wolanga, zonse munthu mmodzi. Amene amakonda kukamba za cipatala ndi sukulu zokha acita bwino kukumbukira ndodo ija, pakuti amene anailawa anali makolo a anthu amoyo lero.

Cozizwitsa ncakuti munthu yemweyu anacita zimene Azungu anzao sanalote nkomwe. Madzulo alionse anali kubvala zobvala za phwando podya cakudya, ngakhale ali okha, akutumikiridwa ndi anyamata a yunifomu. Pa gome lomwelo anali kukhazika mafumu, aphunzitsi ndi makalaliki acikuda, kudya nao ndi kumwa nao. Izi zinali kucitika pa nthawi imene munthu wakuda m'matauni a m'mbali mwa njanji anali kugula nyama pa kazenera ka kumbali, osaloledwa kulowa pakhomo la buchala. Azungu ambiri anawayesa wopenga kapena wopereka mtundu wake.

UKWATI

Ali mnyamata anakonda mtsikana wina, Lorna Bosworth Smith, mwana wa mphunzitsi wa ku Harrow, koma anazengereza ndipo mtsikanayo anakwatiwa ndi dokotala, Edwin Goldmann. Dokotalayo ndi mkazi wake anamwalira msanga nasiya mwana wamkazi, nayenso dzina lake Lorna. M'caka ca 1927 a Gore-Browne, ali ku Mangalande, anakomana ndi mwana wamasiyeyo pa maliro a agogo ake, naona nkhope ya mai wake. Anakwatirana caka comweco, mwamuna ali ndi zaka 44, mkazi 19.

Mai Lorna Gore-Browne sanali munthu wongokhala pakhonde. Anaphunzira Cibemba, anayang'anira nchito za pafamu amuna ao akacoka, ndipo anathandiza Dr Audrey Richards, mai wophunzira amene anafufuza za ulimi ndi zakudya za Abemba m'zaka za m'ma 1930. Anabala ana aakazi awiri, Lorna ndi Angela. Koma mtsikana wa msinkhu umenewo, kutali ndi anzake, m'nyumba imene zonse zinayenda mwa lamulo la munthu mmodzi, ndiponso imene makalata a atate aakazi a ku Brooklands anali kulemekezedwa koposa mau a mkazi wa m'nyumba, sakanakhalitsa. Anayamba kukhala kwina, ndipo ukwati unatha m'caka ca 1950.

MAFUTA A MALUWA A MALALANJE

Alimi adzafuna kudziwa kuti famu yotere inali kudya ciani. Yankho lake nlakuti kwa zaka zambiri inali kudya ndalama za Mai Ethel. Nthaka ya kumpoto ndi yowawasa ndi yosukuluka cifukwa ca mvula yambiri. Ndico cifukwa cake Abemba analima mwa citemene, kudula nthambi, kuziunjika ndi kuziocha kuti phulusa lidyetse mawere. Ngakhale cimanga cikanabereka, mtengo wocinyamulira ku njanji ukanadya phindu lonse. Cotero panafunika cinthu copepuka koma ca mtengo wapatali, coti munthu mmodzi nkusenza katundu wa mapaundi ambiri.

Nzeru imene anaipeza inali ya mafuta onunkhira, amene mafakitale a ku Ulaya amathira m'sopo ndi m'mafuta odzola. Anayesa maluwa ndi zitsamba zosiyanasiyana, zambiri nizikanika, kufikira anapeza kuti mandimu ndi malalanje owawa amakula bwino. Kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka amai ocheza kacasu: maluwa kapena masamba amaikidwa mu mphika waukulu wacitsulo, nthunzi imakwera ndi fungo lake nidutsa mu mpope wozizira ndi madzi, ndipo zikadontha mafuta amayandama pamwamba. Maluwa ofunika kuti padzaze botolo limodzi ndi ocuruka zedi, cotero pa nyengo yothyola amai ndi ana anali kudzaza m'minda. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mafuta a ku France atasowa pa msika, famu ya Shiwa Ng'andu inayamba kuona phindu lenileni.

Mwai umenewu sunakhalitse. Mai Ethel anamwalira m'caka ca 1956, ndipo m'caka ca 1958 matenda a mitengo ya malalanje anapha minda yonse. M'zaka ziwiri zokha mizati iwiri imene nyumba inatsamirapo inagwa. Kuyambira pamenepo malowo anadalira ng'ombe ndi matabwa, m'manja mwa mwana wao wamkulu Lorna ndi amuna ake, a John Harvey.

M'NYUMBA YA MALAMULO

Mbali ya moyo wao imene ikhudza Mzambia aliyense ndi ya ndale. M'caka ca 1935 Azungu a kumpoto anawasankha kukhala phungu wao mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya masiku amenewo. M'caka ca 1938 Bwanamkubwa anawaika kukhala woimira anthu akuda, udindo umene anaugwira mpaka 1951. Acinyamata a lero aone pamene tinacokera: anthu oposa miliyoni analibe ndi mmodzi yemwe wa khungu lao m'nyumba imeneyo, ndipo pakamwa pao panali Mzungu wosankhidwa ndi Mzungu mnzake. Anthu akuda oyamba, Mbusa Henry Kasokolo ndi a Nelson Nalumango, analowamo m'caka ca 1948.

Kunena zoona, a Gore-Browne sanaugone udindowo. Anayenda m'maboma ndi m'makomboni, anakhala pansi ndi mafumu ndi mabungwe a anthu ophunzira, nanyamula madandaulo ao, a malipiro, a maphunziro, a tsankho la m'masitolo, kukawatula pamaso pa Bwanamkubwa. M'caka ca 1945 Mfumu ya ku Mangalande inawapatsa ulemu wa Sir. M'caka ca 1946 anathandiza mphunzitsi wina wacinyamata, a Harry Mwaanga Nkumbula, kupita kukaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda. Ndipo taonani kusokoneza kwa mbiri: munthu yemweyu ndiye anali bwenzi ndi mlangizi wa a Roy Welensky, woyendetsa sitima wa ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, amene analowa m'nyumba ya malamulo m'caka ca 1938 nadzakhala nduna yaikulu ya Citaganya. Wotsogolera Citaganya ndi wotsogolera odana naco onse anadya pa gome limodzi la Cipembere.

M'caka ca 1948 anapunthwa koopsa. Anaimirira m'nyumba ya malamulo napempha kuti mphamvu zolamulira dziko zicoke m'manja mwa ofesi ya atsamunda ku London ndi kupatsidwa kwa aphungu a m'dziko muno. Pakumva kwa khutu zinali zokoma, koma aphungu osankhidwa masiku amenewo anali Azungu okhaokha. Anthu akuda anaona msanga kuti mbuzi iri kuperekedwa kwa fisi, ndipo woipereka ndi mbusa amene. Anali kudziwa zimene zinacitikira abale ao ku Southern Rhodesia, kumene Azungu analandira ulamuliro wotere m'caka ca 1923. Misonkhano inawadzudzula m'dziko lonse, ndipo caka comweco bungwe la Federation of African Societies linasanduka cipani ca Northern Rhodesia African Congress, motsogozedwa ndi a Godwin Mbikusita Lewanika. A Gore-Browne anaikamo m'cikonzero cao zina zochinjiriza anthu akuda, koma analakwa monga anali kulakwira ku Shiwa: anaganizira anthu zabwino popanda kuyamba awafunsa. Cikhulupiriro cinatha, ndipo m'caka ca 1951 anatula pansi udindo nabwerera kumudzi. Caka comweco a Nkumbula, amene iwo anawathandiza sukulu, anatenga utsogoleri wa Congress.

Anthu ambiri a msinkhu wao akanathera pomwepo, kukhala pakhonde ndi kunyinyirika kuti sanayamikidwe. Iwo anapenya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cikukhazikitsidwa m'caka ca 1953, anaona zipatso zake, nasintha maganizo. Boma la Chinsali, loyandikana ndi Shiwa, ndilo kwao kwa malemu Dr Kenneth Kaunda, amene anabadwira pa mishoni ya Lubwa m'caka ca 1924, ndi malemu a Simon Mwansa Kapwepwe. Nkhalamba ya ku Shiwa inapalana ubwenzi ndi anyamata amenewa, niilowa cipani ca UNIP poyera, pa nthawi imene Mzungu wocita zotere anali kusalidwa ndi anzake onse. M'caka ca 1962, ali ndi zaka pafupifupi 79, anaperekeza a Kaunda ku New York kukadandaula za dziko lino ku bungwe la United Nations. Pa cisankho ca mu October caka comweco anaima pa dzina la UNIP. Malamulo a cisankho cimeneco anafuna kuti woima pa mipando ina apeze mavoti kwa akuda ndi kwa oyera omwe. Akuda anawapatsa, Azungu anzao anawamana, ndipo anagwa.

Ufulu unabwera pa 24 October 1964 iwo akali moyo. M'caka ca 1966 boma la Zambia linawabveka mendulo ya ulemu ya Companion Order of Freedom. Anamwalira pa 4 August 1967 m'cipatala ca ku Kasama ali ndi zaka 84. Boma linawacitira maliro a dziko, cinthu cimene cinali cisanacitikepo kwa Mzungu, ndipo a Kaunda anafika nalankhula pa malirowo. Anaikidwa ndi ulemu wa mfumu pa phiri loyang'ana nyanja ya ng'ona.

NYUMBA YOPANDA MWINI

Mai Lorna ndi a Harvey anasunga malowo zaka 25 zotsatira, mobvutikira ndithu, pakuti nyumba ya zipinda 40 imadya ndalama tsiku ndi tsiku ngakhale mulibe alendo. M'caka ca 1991 a Michael Palin a wailesi ya kanema ya BBC anafika ndi makamera ao pa ulendo wochedwa Pole to Pole, najambula banjalo liri m'nyumba mwao. Patangopita miyezi yowerengeka, m'caka ca 1992, awiriwo anaphedwa ndi anthu a mfuti pa famu yao ina ku Chisamba, kufupi ndi Lusaka. Kanema uja anasanduka cikumbutso ca masiku otsiriza a nyumbayo iri ndi eni ake.

Amene anaonapo nyumba ya njerwa itasiyidwa adziwa m'mene imafera. Imayambira kumutu. Tailosi limodzi likasweka kapena kutsetsereka, mvula imalowa niinyowetsa phaso. Phaso likaola, matailosi oyandikana nalo amatsata. Madzi amatsika m'zipupa, pulasitala nafufuma. Ciswe cimakwera mwakacetecete m'mafelemu a zitseko, mileme imatenga kudenga, nkhungu imagwira mabuku, ndipo kacere akamera m'mng'alu mizu yake imang'amba cipupa cimene anthu makumi anamanga. Kumpoto, kumene mvula imagwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, zaka zowerengeka zikwanira. Nyumba ya udzu ikagwa imabwerera kunthaka, pamera maungu. Ya njerwa imakhala ciimire zaka zambiri ikuonetsa manyazi ake kwa odutsa.

Mu mkhalidwe wotere ndimo mtolankhani wa ku Mangalande, Mai Christina Lamb, anaipeza pakati pa zaka za m'ma 1990. Mkati munali mukali makalata, mabuku a zocitika za tsiku ndi tsiku ndi zithunzi zakale za mwini nyumba, pakuti a Gore-Browne anali munthu wolemba ndi wosunga ciriconse. Kucokera m'zimenezo maiwa analemba buku lochedwa The Africa House, limene linatuluka m'caka ca 1999. Lina lofotokoza za ndale zao, Black Heart, linali litalembedwa kale ndi a Robert Rotberg m'caka ca 1977, koma la Mai Lamb ndilo linafika m'manja mwa anthu wamba, ndipo alendo okhala ndi makamera anayamba kupatuka pa mseu wa Mpika kudzaona ndi maso ao.

Kujambula nyumba yosiyidwa ena amakuyesa masewera a alendo, koma kuli ndi nchito yake. Cithunzi cakale cimauza mmisiri pamene panali zenera ndi m'mene matailosi anayalidwira. Cithunzi ca kuonongeka cimacititsa manyazi amene ali ndi mphamvu yokonza. Ciri ndi malire akenso. Monga zinali kukhalira masiku a atsamunda, wokhala pampando amadziwika dzina lake, tsiku lake lobadwa ndi maganizo ake onse, pamene oima kumbuyo, amene anaponda dothi ndi kusenza magalasi mamailosi 400, amangochedwa anchito. Maina ao ali m'mitu ya nkhalamba za m'midzi yozungulira, ndipo wopita kumeneko ndi kamera angacite bwino kutenganso kope ndi pensulo. Cimodzimodzi kwa amene ajambula mabwinja a Fort Young kumwera kwa Chipata, kapena nyumba yonga linga ya ku Lundazi imene DC Errol Button anamangitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940: nazonso zinaumbidwa ndi manja a anthu a maina.

Kuyambira ca m'ma 2000 mdzukulu wamkulu wa a Gore-Browne ndi akazi ake anabwerera ku Shiwa Ng'andu nayamba kukonza denga, zipupa ndi minda, ndi kuutsanso famu. Zipinda zina zinatsegulidwa kuti alendo azigonamo molipira, ndipo ambiri amapitirira kukasamba pa akasupe a madzi otentha a Kapishya, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, m'mbali mwa mtsinje wa Mansha. Cigawo ca Muchinga citakhazikitsidwa m'caka ca 2011, dera limeneli linadulidwa ku Chinsali nilikhala boma palokha, lochedwa Shiwang'andu, dzina la nyanja ija ya Bena Ng'andu.